Mpanda Ukasanduka Tchire: Tiudule Bwanji Osaupha?

Phunziro lathu la ulimi ulendo uno ndi la mpanda wamoyo, uja timadzala kuzungulira dimba, khomo, khola, bwalo la madrasa kapena m'malire mwa munda. Kudzala kwake sikuvuta: timangozika nthambi za nkhadze kapena za gilisidiya, mvula n'kumaliza ntchito. Vuto limadza pakapita zaka zisanu kapena khumi mwini wake osaukhudza. Mpanda uja umapitirira denga la nyumba, kumwamba kuli bii, koma pansi pali mipata yoti mbuzi imangodutsa osawerama n'komwe. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zikafika apa ambiri timachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena timangousiya, tikumati tidzaona chaka chamawa. Ena timapsa mtima n'kuugwetsa wonse tsiku limodzi, mwinanso kuuyatsa moto. Njira ziwiri zonsezi n'zoluza. Mfundo ya phunziro lino ndi imodzi: mpanda wokula mopitirira timaubweza pang'onopang'ono, pa nyengo yake, molingana ndi mtundu wa mtengo wake, mpaka ufike pa msinkhu woti munthu ataimirira pansi angathe kumaudulira yekha chaka ndi chaka.

Chitsanzo chathu: kwa Njombwa

Chitsanzo tachitenga kumtunda, m'dera la Mfumu Yaikulu Njombwa, kummwera kwa boma la Kasungu. Amene mumapita ndi usipa kapena utaka wouma ku misika ya kumtunda mukudziwako: ukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M1 n'kuwoloka mtsinje wa Bua, walowa m'chidikha cha fodya, ndipo patsogolo pake pali Chinkhoma, pomwe pali msika wa okushoni.

Tasankha kumeneku pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'chidikha cha Kasungu mitengo yachilengedwe inachepa kwambiri chifukwa cha kutsegula minda ndi maesiteti, kumanga zigafa za fodya wa burley, ndiponso nkhuni zowotchera fodya wa fuluu m'mabalani. Kumalo kotere nthambi iliyonse ya mumpanda ndi chuma: ina ikhala mphanda ya chigafa, ina mkangala wopachikapo fodya, ina nkhuni. Chachiwiri, Bua wodutsa kumeneko ndi yemweyo amatsika kudzera m'nkhalango ya Nkhotakota n'kudzathira m'nyanja yathu, ndipo ndi mtsinje womwe mpasa umakwera kukaswana. Mpasa umaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyenda. Dothi likamakokoloka m'minda ya kumtunda limakakwirira timiyalato. Ndiye mpanda womwe ukugwira dothi kwa Njombwa ukutetezanso ndiwo za ku Nkhotakota. N'chifukwa chake tikunena zoudula, osati zouzula.

Mpanda wosadulira umatilanda chiyani?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mpanda wanu ndi wa mamita 50 m'litali, ndipo nthambi zake zalowa m'munda mamita 2. Apo mwataya masikweya mita 100. Pa mizere ya chimanga yotalikirana masentimita 75, imeneyo ndi pafupifupi mizere itatu yathunthu. Ngati mpandawo wazungulira mbali zonse zinayi za munda wa mamita 50 uku ndi uku, malo otayika akuyandikira gawo limodzi mwa magawo khumi a ekala. Fetereza mumathira, kupalira mumapalira, koma chimanga cha m'mphepetemo chimangotalika chili chonyozoloka.

Kulandako kumachitika pawiri. Kumwamba mthunzi umatchinga dzuwa. Pansi mizu ya mpanda imayenda m'munda kukamwa chinyezi ndi fetereza yemwe munagula modula. M'kati mwa tchirelo mumabisala makoswe, njoka ndi mavu. Kwathu kunyanja palinso china: mpanda wautali pafupi ndi matandala umatchinga dzuwa ndi mphepo, usipa n'kumachedwa kuuma, ntchentche n'kupeza mpata.

N'chifukwa chiyani mpanda umayera pansi?

Mlimi wa fodya yankho ali nalo kale. Akathena fodya, ndiye kuti akachotsa nsonga yomwe imatulutsa maluwa, pakapita masiku ochepa timphukira timatuluka m'khwapa mwa tsamba lililonse. Nsonga ija ikadalipo imaletsa maso a m'munsi kuphuka. Ikachoka, masowo amadzuka. Mitengo ya mumpanda imachitanso chimodzimodzi. Tikausiya osadula, mphamvu zonse zimathamangira kunsonga, nthambi za m'munsi zimasowa dzuwa, zimauma n'kugwa. Tikadula pamwamba, mtengo umaphukira m'munsi, ndipo m'munsimo ndi momwe timafuna mpanda wothithikana.

Apa tikuphunziraponso za maonekedwe oyenera. Mpanda wabwino umakhala wotambalala pansi, wocheperako pamwamba, ngati denga la nkhokwe. Ukatero dzuwa limafika mpaka ku nthambi za pansi. Ukakhala wotambalala pamwamba ngati ambulera, pakapita zaka ziwiri mipata ija yabwereranso.

Muyeso wosavuta ndi uwu: msinkhu wa mita imodzi ndi theka, cha paphewa pa munthu wamkulu, pansi osapitirira mita imodzi m'lifupi, pamwamba theka la mita.

Tisanagwire chikwanje

Choyamba ndi mnansi. Mpanda wa m'malire ndi mboni ya malire. Komatu mpanda wosadulira umayenda. Nthambi ya nkhadze ikagwa pansi imamera pomwepo, khonje amatulutsa ana m'mbali, ndipo pakapita zaka mpanda womwe unali mzere umodzi umakhala lamba wa mamita atatu. Inu mukadula mbali yanu yokha chaka ndi chaka, mpandawo umasunthira kwa aneba pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina nkhani imathera pabwalo la anyakwawa. Lamulo la malo a mafumu la 2016, la Customary Land Act, linakhazikitsa makomiti ndi mabwalo oweruza nkhani za malo, koma palibe amene amafuna kutha dzinja akuyendera mlandu wa mizere iwiri.

Ndiye pitani kaye kwa mnzanuyo. Mungomuuza kuti, "Achimwene, mpanda uja wakula, ndikufuna ndiubweze. Tiyeni tikaone limodzi pomwe pali zitsa zakale." Mukazipeza zitsa zoyambirira, khomani zikhomo kumapeto onse awiri n'kukoka chingwe. Ngati pali kukayikira, itanani anyakwawa kapena akuluakulu omwe analipo pogawa malowo. Zitsa zakalezo musazule ngakhale chimodzi. Gwirizananinso kagawidwe ka nkhuni ndi mitengo ntchito isanayambe.

Chachiwiri ndi chitetezo chanu. Menyani mpandawo ndi ndodo yaitali musanalowetse dzanja. Nalikukuti amaoneka ngati kanthambi kouma ndipo amakonda malo ngati amenewa. Njoka ikaluma munthu, thamangirani naye kuchipatala. Musatemere pabala kapena kumanga mothinitsa. Yang'anani zisa za mavu ndi njuchi, ndiponso chitedze chomwe chayanga m'mwamba, makamaka chilimwe pomwe chimakhala chitauma. Valani malaya a mikono yaitali, nsapato zotseka, magolovesi ngati alipo, ndi magalasi. Ana akhale patali. Ngati nthambi zayandikira mawaya a magetsi, musadule nokha, dziwitsani a ESCOM.

Chachitatu ndi zida. Chikwanje chinoledwe bwino ndi tupa. Nthambi zonenepa kuposa dzanja zimafuna sowo kapena nkhwangwa yakuthwa. Chida chobuntha chimang'amba mtengo, ndipo pong'ambikapo ndi pomwe madzi ndi chiswe zimalowera.

Nyengo yake ndi iti?

Tiyang'ane kalendala ya kwa Njombwa. Anthu akamaliza kukolola cha mu Meyi ndi Juni, mbuzi ndi ng'ombe zimasiyidwa kuti zizidya mapesi. Miyezi yomweyo madimba amakhala ali ndi tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi. Mu Seputembala ndi Okutobala nazale za fodya zimakhala zili pa bedi. Apa ndi pomwe mpanda ukufunika kwambiri. Munthu woupepula m'mbali mu Ogasiti waitana mbuzi za mudzi wonse ku phwando.

Tigawe ntchitoyi motere. Kutsitsa msinkhu kuchitike m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mitengo imakhala itachepetsa kukula, kudula pamwamba sikutsegula mipata pansi, ndipo mitengo yodulidwayo imapeza nthawi youma isanafunike pa chigafa fodya akayamba kuthyoledwa. Kudula m'mbali kudikire kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, mvula ikayandikira. Nthawi imeneyo ziweto zatsala pang'ono kumangidwa, ndipo mvula yoyamba imathandiza mphukira kutuluka msanga. Mu Januwale ndi Febuluwale musadule nthambi zazikulu: mabala amaola ndi chinyezi, komanso manja onse ali kumunda.

Kunyanja kuno kumatentha kuposa ku Kasungu ndipo dothi lambiri ndi la mchenga. Mpanda womwe wadulidwa kwambiri pa dzuwa la Seputembala ukhoza kuuma kuchokera pabala kutsika m'munsi. Komanso mphepo ya mwera imaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndiye mpanda wa mbali ya kummwera, womwe umatchinjiriza denga ndi nthochi, udikire mwera uthe. Kwa ife asodzi nthawi yabwino ndi Novembala, pomwe makoka ena amaletsedwa m'nyanja kuyambira pa 1 mwezi umenewu ndipo anyamata amakhala ali pakhomo.

Kadulidwe kake

Yambani ndi kuyeretsa. Chotsani nthambi zouma, zoyanga zonse ndi mitengo ina yomwe yamera yokha m'katimo. Mukatero mudzaona mpanda weniweni.

Kenaka kokani chingwe pa msinkhu womwe mukufuna. Nthambi zakale muzidule masentimita 20 kapena 30 kunsi kwa chingwecho, chifukwa mphukira zatsopano zidzatulukira pamenepo n'kukwera. Mukadula ndendende pa chingwe, chaka chamawa mpanda uli kale pamwamba pa mutu wanu.

Dulani mopendeketsa, chikwanje chikuchokera pansi kukwera m'mwamba, kuti madzi asamakhazikike pabala. Nthambi yolemera muyambe mwaitema pang'ono kunsi kwake, kenaka mumalize pamwamba. Mukayambira pamwamba imagwa ikusenda khungwa mpaka pathunthu.

Chaka choyamba dulani pamwamba ndi mbali imodzi yokha, ya kumunda kwanu. Mbali inayo isiyeni ndi masamba ake kuti idyetse mtengo ndi kutchinga ziweto. Chaka chachiwiri, mbali yoyamba ija itaphukira, inu kapena aneba mudule mbali yotsalayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomwe pali mipata, pindani nthambi zanthete n'kuzilukanitsa chopingasa, kapena zikani nthambi zatsopano mvula ikayamba. Podikira kuti zigwire, tsekanipo ndi minga ya mthethe kapena ya masau.

Pomaliza, mizu. Kumbani ngalande yakuya masentimita 30 mpaka 50, pa mtunda wa pafupifupi mita imodzi kuchokera pa zitsa, mbali ya kumunda. Dulani mizu yomwe mwaipeza n'kukwiriranso. Chitani zimenezi mbali imodzi yokha pa chaka, kuopa kuti mphepo ingagwetse mpanda.

Mtengo uliwonse ndi kadulidwe kake

Gilisidiya, lukina, keshya ndi chammwamba ndi mitengo yopirira chikwanje. Ngakhale mutaidula kwambiri imaphukanso. Gilisidiya anachokera ku Central America, ndipo kafukufuku womudzala pamodzi ndi chimanga anachitika pa Makoka ku Zomba kuyambira m'ma 1990. M'kati mwa munda amadulidwa pa masentimita 30 kuchokera pansi, koma mumpanda musiyeni pa mita imodzi kapena imodzi ndi theka, kuti mbuzi zisafikire mphukira zonse.

Nkhadze ndiye yofunika kusamala nayo kwambiri. Mkaka wake ukalowa m'diso umaotcha koopsa ndipo munthu akhoza kukhala masiku angapo osaona. Musaidule kuli mphepo, musaidule itakupitirirani pamutu popanda magalasi, ndipo musapukute thukuta ndi dzanja lomwe lagwira nthambi. Mkaka ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 mpaka 20 osatikita, kenaka pitani kuchipatala. Musataye nthawi ndi kudontheza mkaka wa m'mawere kapena zitsamba. Nkhadze yotalika muitsitse pagawopagawo, kuyambira nthambi za kunja.

Nsatsimanga anadzalidwa kwambiri m'malire mwa minda ya m'chigawo chapakati chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, pomwe alimi ankalimbikitsidwa kulima njere zake zopangira mafuta a galimoto. Mipanda yambiri ya nthawi imeneyo inangosiyidwa. Mudulireni chilimwe atayoyola masamba. Njere zake ndi poizoni ndipo ana amazitenga ngati mtedza, choncho zitoleni zonse musanachoke pamalopo.

Khonje sadulidwa pamwamba. Chotsani masamba akale a m'munsi, omwe mukhozanso kupotera chingwe, ndipo zulani ana omwe atuluka kunja kwa mzere.

Vetiva, udzu uja timadzala pa akalozera, umetedwe ndi chikwakwa pa masentimita 30 mpaka 50. Ukametedwa umachulukitsa ana ndipo mzere umatsekeka bwino. Musautenthe, udzu wake ndi wabwino kufolerera ndi kuphimbira mabedi a mbewu.

Lantana, chitsamba chija cha timaluwa tokongola tosakaniza chikasu ndi pinki, ndi yekhayo amene tikuti achoke. Anachokera kumaiko a ku America, mbalame zimafalitsa njere zake, ndipo amalanda msipu. Masamba ake amaononga chiwindi cha ng'ombe, zipatso zake zosapsa n'zoopsa kwa ana. Mukangomudula amaphuka mowirikiza, choncho afunika kuzula ndi chitsa chomwe. Ngati ali pa malire, zulani gawo limodzi pa chaka, aneba akuona, n'kudzalapo gilisidiya kapena vetiva nthawi yomweyo.

Zodulazo zipite kuti?

Zisankheni milu itatu. Mulu woyamba ndi wa mitengo yowongoka. Kwa Njombwa imeneyi ndi mikangala ndi mphanda. Kwathu kuno ndi miyendo ya matandala, zomangira khola ndi zogwiriziza tomato. Yokhota ikhale nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba. Mulu wachiwiri ndi wa masamba ndi tinthambi tanthete ta gilisidiya ndi lukina. Zikwirireni m'mizere zikadali zaziwisi, kapena ziikeni pa kompositi, chifukwa zimabwezera chonde m'nthaka. Zina mupatseko mbuzi mosakaniza ndi udzu.

Mulu wachitatu ndi wa zoopsa: nkhadze, nsatsimanga ndi lantana. Nkhadze ndi nsatsimanga musaphikire kapena kuwambira nsomba, ndipo musazitenthe zili zaziwisi chifukwa utsi wake umapweteka maso ndi chifuwa. Ziunjikeni pamalo ouma, kutali ndi ana ndi ziweto, pamwamba pa miyala kapena mitengo kuti zisamere.

Mfundo iyi asodzi tiimvetse bwino. Mkaka wa nkhadze umapha nsomba, chimodzimodzinso masamba a ombwe, yemwe ena amati mthuthu. Nthambi zimenezi zikatayidwa m'khwawa, m'dambo kapena m'mbali mwa damu la nsomba, mvula yoyamba imazikokolera m'madzi. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, ndipo katupe sasankha: amapha zazikulu ndi ana omwe. Wodula mpanda kumtunda kwa mtsinje akumbukire kuti kumunsi kuli anthu omwe ndiwo zawo ndi ndalama zawo zili m'madzi omwewo.

Kuti usabwererenso kutchire

Ntchito yaikulu ndi ya zaka ziwiri zoyambazo. Kuchokera apo n'kungometa kawiri pa chaka: kamodzi mvula ikayandikira, kenanso cha mu Malichi kapena Epulo mvula ikamatha. Gilisidiya wa m'mbali mwa chimanga amafuna kumetedwanso m'kati mwa dzinja kuti asaphimbe mbewu. Mphukira zatsopano zikafika kutalika kwa mkono, tsinani nsonga zake kuti zichite nthambi. Lambulani udzu wouma mita imodzi kapena ziwiri mbali zonse nyengo ya moto wolusa isanafike, chifukwa mpanda womwe wangodulidwa kumene sulimba ku moto. Ngati mukufuna mitengo ya milimo, siyani mtengo umodzi wowongoka pa mamita asanu kapena kupitirira apo kuti ukule, ina yonse ikhale pa msinkhu wa phewa.

Ntchito ya sabata ino

Yendani m'mbali mwa mpanda wanu ndi ndodo ya mita imodzi ndi theka. Yezani msinkhu ndi m'lifupi mwake malo atatu. Werengani mipata yomwe mbuzi ingadutse. Lembani mitundu ya mitengo yomwe ilimo. Kenaka kaonaneni ndi aneba, mugwirizane mwezi woyambira. Pomwe mwakayikira za mtundu wa mtengo, funsani alangizi a zaulimi kapena a zankhalango a m'dera lanu.

Mafunso okambirana pagulu

1. Mpanda wanu walanda mizere ingati ya munda, ndipo mizere imeneyo ikanakupatsani zitini zingati za chimanga?

2. N'chifukwa chiyani tikuti nthambi zakale zidulidwe kunsi kwa chingwe, osati pa chingwe penipeni?

3. M'mudzi mwanu ziweto zimamasulidwa mwezi uti, nanga zimamangidwa mwezi uti? Kodi zimenezi zikusintha bwanji nthawi yodulira m'mbali?

4. Mnansi wanu akakana kuti mpanda wa m'malire udulidwe, mungayambire pati, ndipo mungaitane ndani?

5. Kwanuko nthambi za nkhadze ndi ombwe zimatayidwa kuti? Kodi mvula ikagwa zimathera m'madzi ati?